Snowmobile ikamatentha pa ayezi: zoyenera kuona musanagule rediyeta ndi fani

Kumpoto kwa Canada, ku Alaska, ku Minnesota ndi ku Lapland kuli dandaulo limene limabwera chaka ndi chaka, makamaka mu Malichi ndi Epulo. Munthu akuyenda bwinobwino pa snowmobile, makina okwerapo ngati njinga yamoto oyenda pa chipale chofewa, kunja kukuzizira madigiri 10 pansi pa ziro, mwadzidzidzi nyali yofiira yayaka pa dashibodi, kabelu kakulira, injini yadzichepetsera yokha mphamvu. Yatentha. Akaima n'kudikira imazizira, akayendanso makilomita angapo nyali ija yabwerera. Pofika madzulo wayamba kale kufunsa mitengo ya rediyeta ndi fani zogula padera.

Zida zimenezi zimathandizadi, koma amene zimawathandiza ndi ochepa kusiyana ndi amene amazigula. Nthawi zambiri injini imatentha chifukwa chipale chofewa sichikufika pamene chikufunika, apo ayi pali chimene chafa m'njira imene coolant, madzi oziziritsa injini, amadutsa. Rediyeta yatsopano sikonza pampu yothyoka. Ndipo ikamangidwa mwachisawawa imabwera ndi mavuto ake amene poyamba kunalibe.

Mmene makinawa amadziziziritsira

Galimoto ili ndi rediyeta kumaso, mphepo ndiyo imachotsa kutentha. Snowmobile zambiri za Ski-Doo, Polaris, Arctic Cat, Yamaha ndi Lynx sizidalira mphepo ayi. Pansi pa mpando pali chimene amati tunnel, chibokosi chachitali cha aluminiyamu chimene chimaphimba track, lamba wamkulu wa rabala uja amene amakankha makinawo. M'kati mwa tunnel, kudenga kwake, kutsogolo kwake, ndipo pa makina ena m'mbali mopondamo mapazi, anamangamo mipope yafulati ya aluminiyamu yokhala ndi timizere kunja kwake. Dzina lake ndi heat exchanger. Coolant wotentha akachoka mu injini amadutsa mmenemo. Track ikamazungulira imanyamula chipale n'kumachiwaza pa aluminiyamuyo, chipalecho chimasungunuka, ndipo posungunukapo ndi pamene chimamwa kutentha.

Masamu ake ndi amene amaonetsa chifukwa chake opanga anasankha njira imeneyi. Kuti kilogalamu imodzi ya chipale isungunuke pamafunika ma kilojoule 334. Kilogalamu imodzi ya mpweya ikatenthedwa ndi madigiri 40 imangotenga ma kilojoule 40. Ndiye kuti ntchito imene chipale cholemera kilogalamu imodzi chimagwira, mpweya ungaigwire utakwana makilogalamu 8, amene ndi mpweya wodzaza ma kyubiki mita oposa 6. Zimenezi muzizikumbukira pamene wogulitsa akukuonetsani karediyeta kotalika ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Kangathandize, koma sikangalowe m'malo mwa chipale injini ikamagwira ntchito mwamphamvu zake zonse.

Choncho vuto limayamba chipale chikasowa pansi pa tunnel. Njira imene yapondedwa n'kuuma gwa usiku, nyanja youndana imene mphepo yasesapo chipale chonse, msewu wopalidwa ndi mathirakitala: ponsepo track imazungulira youma. Kunja kuzizire bwanji, heat exchanger yopanda chipale imangokhala chitsulo chotentha chobisika pamalo osapita mphepo. Ngakhale akatswiri a mpikisano wa Iron Dog ku Alaska amalidziwa vutoli. M'zaka zimene chipale chachepa ku chigawo cha Farewell Burn, amaima n'kumaunjika chipale ndi ayezi pamwamba pa tunnel kuti apitirize ulendo.

Imatentha liti?

Funso limeneli likayankhidwa moona, theka la ntchito latha. Tsiku lotsatira nyali ikayaka, onani pamene muli ndi liwiro limene mumayenda.

Ngati imatentha pa njira youma yokha, n'kuzizira msanga mukapatukira m'chipale chofewa chakuya, makina anu alibe matenda. Pampu ikupopa, thermostat (kavalavu kamene kamatsegulira coolant njira injini ikafunda) ikutseguka, chikusowa ndi chipale basi. Ngati imatentha mukamakoka katundu pang'onopang'ono kapena ikamalira ili chiimire, koma n'kukhala bwino mukathamanga, ndinu mmodzi mwa anthu amene rediyeta ndi fani anawapangira. Koma ngati imatentha paliponse, ngakhale m'chipale chofika m'mawondo, kapena inayamba zimenezi mutangosintha coolant, musagule kanthu kaye. Vuto lili m'kati.

Pali kuyesa kosavuta kumene sikufuna sipanala. Injini ikatentha, imani, vulani gulovu, gwirani mosamala kumbuyo kwa tunnel pamene pali heat exchanger. Pakakhala potentha kwambiri, coolant akuyenda, kungoti palibe chomuziziritsa. Pakakhala pozizira pomwe geji ikuonetsa kuti injini yapsa, coolant sakufikako: mwina mwalowa mpweya, mwina thermostat yakana kutseguka, mwina pampu yasiya. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha patali kaja, koloza ngati mfuti, angatsate paipi iliyonse kuchoka pa injini n'kupeza pamene kutentha kukuthera. Kachipangizoka kamathandizanso kugwira sensa yonama. Geji ikamati injini yapsa koma mutu wa injini uli wofunda chabe, yang'anani sensa ndi waya wake.

Zotchipa zimene zimathetsa milandu yambiri

Kwa munthu woyenda m'njira zouma, chida choyamba si rediyeta koma ma ice scratcher. Ndi timikono tiwiri tachitsulo tokhala ndi nsonga yolimba, tomangidwa m'mbali mwa njanji za track kapena pa ma ski, miyendo iwiri yotsetsereka ya kutsogolo. Mukatitsitsa timakanda pansi n'kumafumbula fumbi la ayezi limene track imalinyamula n'kuliponya mu tunnel. Mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa rediyeta, ndipo timagwira ntchito ziwiri. Track imatsetsereka pa timapulasitiki totalika totchedwa hyfax, timene timadalira chipale chomwecho kuti tisapse. Rediyeta ingaziziritse injini koma hyfax n'kumasungunukabe pansipo, mpaka kumatirira ku track. Mukamva fungo la pulasitiki wopserera pa njira youma, ndi zimenezo.

Ma scratcher alipo a mitundu iwiri. A waya wolimba wa sipuling'i amakanda mwamphamvu, koma mukaiwala n'kubwerera chambuyo asanakwezedwe amapindika kapena kuthyoka, ndipo palibe amene saiwala. A chingwe cha chitsulo chofewa amalola rivesi, ngakhale pa ayezi wosalala kwambiri amafumbula pang'ono. Amangeni chakutsogolo kwa njanji kuti fumbilo lipeze mpata wolowa mu track. Akakhala kumbuyo kwenikweni amangowazira mnzanu amene akukutsatirani.

Kenako onani chikopa cha rabala cholendewera kumbuyo chija, snow flap. Ntchito yake si kuteteza wa m'mbuyo kokha. Chimabweza chipale chimene track yaponya kuti chilowenso mu tunnel. Anyamata ambiri amachidula kapena kuchichotsa kuti makina azioneka bwino ndi kuti asamakodwe m'chipale chakuya. Kuphiri zilibe kanthu. Koma pa makilomita 20 a njira youma yopita kuphiriko, makina opanda chikopachi amatentha msanga. Chimodzimodzi amene anakweza kumbuyo kwa makina kapena kuika track yaitali n'kusiya chikopa chakale chachifupi: tsopano chili m'mwamba, chipale chikudutsa pansi pake.

Makina a kumapiri, monga Ski-Doo Summit ndi Polaris RMK, ali ndi zawo. Opanga anawachepetsera heat exchanger dala kuti apepuke ndi kuti ayezi asamaunjikane pa tunnel. Mano a track yawo ndi aatali, ena mpaka mainchesi 3, ndipo pa njira youma manowo amangoyenda pansonga osatola kanthu. Amene anagula makina otere kuti azikawedza nsomba pa nyanja youndana anagula chida cholakwika, ndipo palibe fani imene ingasinthe zimenezo kotheratu.

Za m'kati

Yambani ndi coolant, injini ili yozizira. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha. Coolant amatumphuka n'kukuwaulani nkhope ndi manja, ndipo chipatala chili kutali. Onani ngati wafika pa mzere. Ngati amachepa mobwerezabwereza, ali ndi kopita. Yang'anani pansi pa tunnel ndi tochi. Anthu amene anakhoma misomali ya ma stud pa track kuti izigwira pa ayezi amaidziwa nkhani iyi: msomali wautali kapena wozuka umakhula heat exchanger mpaka kuiboola, makamaka ya kutsogolo. Chizindikiro chake ndi timadontho tobiriwira kapena tapinki pa chipale pamene munaima, ndi fungo lotsekemera. Pali zotchingira zimene zimamangidwa kudenga kwa tunnel zoteteza zimenezi, ndipo woika ma stud popanda izo akusewera ndi injini yake.

Kasakanizidwe kakenso n'kofunika. Ethylene glycol, mankhwala a mu coolant, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amaundana pa madigiri 37 pansi pa ziro. Kumadera ozizira kwambiri amaika magawo 60 a glycol ndi 40 a madzi, zimene zimafikitsa chitetezo kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro. Ena amaganiza kuti kuthira glycol yekhayekha ndiye kusamala kwambiri. Ayi. Glycol wosasakaniza amaundana pa madigiri pafupifupi 13 pansi pa ziro, komanso sanyamula kutentha ngati madzi. Injini yothiridwa glycol wochuluka imatentha msanga. Musasakanizenso mitundu ya coolant mwachisawawa, ina ikakumana imapanga phala limene limatseka tinjira ting'onoting'ono.

Chivindikiro cha botolo la coolant anthu amachiderera. Coolant wa theka ndi theka amawira pa madigiri pafupifupi 108 akakhala poyera, koma chivindikiro chikasunga mphamvu ya mpweya m'kati amapirira madigiri ena pafupifupi 20. Rabala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, coolant amawira msanga n'kumatayika. Nambala yake inalembedwa pamwamba. Gulani cha nambala yomweyo. Chokwera kwambiri chimaphulitsa mapaipi ndi kufooketsa zomatira.

Thermostat iyeseni mu poto wa madzi pa moto, muli ndi choyezera kutentha m'manja. Iyenera kuyamba kutseguka pa nambala imene inadindidwa pa iyo. Pampu nayo imafa mwakachetechete. Pa injini zambiri kampeni kake kozungulira ndi kapulasitiki, ndipo kamatha kumasuka pa shafiti kapena kuthyoka mapiko injini n'kumalirabe bwinobwino. Pansi pa pampu pamakhala kabowo kakang'ono. Pakamatuluka coolant kapena oyilo, zomatira za pampu zatha.

Chomaliza m'gulu limeneli ndi chimene anthu safuna kumva. Mukaliza injini yozizira chivindikiro chili chotsegula n'kuona thovu likutuluka mosalekeza m'botolo, kapena paipi ikauma gwa injini itangolira kumene, utsi wa mu silinda ukulowa mu coolant. Gasiketi ya mutu yapsa, kapena, pa injini za two-stroke (zowotcha petulo pamodzi ndi oyilo), timphete ta rabala ta pamutu tatha. Apa rediyeta singathandize m'pang'ono pomwe. Dziwaninso kuti two-stroke imene ikulandira petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya imatentha mopitirira. Rabala wolumikiza kabuleta ndi injini akang'ambika, kapena mukathira petulo wa octane yotsika kuposa imene buku likunena, pisitoni imapsa ngakhale coolant ali bwino. Pulagi yoyera mbuu, m'malo mwa yofiirira, ikukuuzani zimenezo.

Amene rediyeta ndi yawodi

Tsopano tinene kuti zonsezi zili bwino, ma scratcher alipo, koma ntchito yanu ndi yoyenda pang'onopang'ono. Mlenje wa ku Nunavut, ku Canada, wokoka qamutiik (chilei chamatabwa) yodzaza pa ayezi wa m'nyanja. Msodzi wokoka kanyumba kake pa nyanja youndana ya Lake of the Woods. Woweta mphalapala wa mtundu wa Sámi amene amayenda pa liwiro la ziweto tsiku lonse. Wosalaza njira za anthu a ski, kapena wotsogolera alendo ku Rovaniemi, ku Finland, amene gulu lake limayenda mondondozana ngati maliro. Pa liwiro lotere track siponya chipale chokwanira, ma scratcher nawonso safumbula kanthu, pomwe injini ikulimbana ndi katundu. Opanga okha amavomereza zimenezi: makina awo ambiri a ntchito, monga Ski-Doo Skandic ndi Expedition komanso Polaris Titan, amachoka kufakitale ali kale ndi rediyeta ndi fani kuwonjezera pa heat exchanger, monganso inkachitira Yamaha VK Professional. Ngati makina anu ndi a banja limodzi ndi amenewa, yambani mwafunsa ngati zida za kufakitale zingakwane pa anuwo. Zimabwera ndi mabulaketi ndi mapaipi opindika kale moyenera, ndipo zimenezo zimapulumutsa masiku angapo a m'galaja.

Ganiziraninso za heat exchanger yowonjezera. Kwa amene anatalikitsa tunnel kapena ali ndi makina a kuphiri, kuwonjezera ina kumbuyo kumachulukitsa coolant ndi malo ogwirapo chipale popanda waya kapena fyuzi. Koma imafunabe chipale. Pa ayezi wosalala pa liwiro la munthu woyenda pansi, chokhacho chimene chimagwira ntchito ndi mpweya wokokedwa ndi fani.

Walira mvula walira matope. Rediyeta ikabwera imabwera ndi mafunso anayi kapena asanu amene aliyense angathe kukubwezerani nyali yofiira ija.

Malo oikapo

Pansi pa boneti ya snowmobile ndi pothina ndiponso potentha. Pali chitoliro cha ekizozi chonenepa, pali ma clutch amene amatulutsa kutentha kwawo. Rediyeta yoikidwa pafupi ndi ekizozi, imene fani yake ikungozunguza mpweya wa m'bonetimo, imatha kutenthetsa coolant m'malo momuziziritsa. Mpweya uyenera kuchokera kunja, kudutsa mu rediyeta, n'kupeza potulukira. Ambiri amaboola polowera n'kuiwala potulukira. Mpweya wosowa kopita sulowa.

Mabowo olowera aphimbeni ndi kansalu ka sefa koletsa chipale, monga ka Frogzskin, chifukwa mukangolowa m'chipale chakuya fumbi lake limadzaza m'timapiko ta rediyeta, limasungunuka pang'ono, n'kuundana mukazimitsa injini. Ena amamanga rediyeta kunja, kumbuyo kwa mpando. Kumeneko mpweya ndi wabwino, koma mapaipi amatalika, nthambi zimakola, ndipo makina akagubuduzika ndiyo imayamba kuphwanyika. Kulikonse kumene mwasankha, musaimange chitsulo pa chitsulo. Snowmobile imanjenjemera ndi kudumpha koopsa, aluminiyamu wa rediyeta ndi wopyapyala, ndipo popanda timarabala pa mabawuti amang'aluka pa zowotcherera nyengo imodzi isanathe.

Mapaipi, ndi ngozi ya kuziziritsa mopitirira

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Rediyeta ilumikizidwe pa paipi imene imachoka pa thermostat kupita ku heat exchanger, kapena yobwerera kuchokera kumeneko, kuti coolant yense wopita kokazizira azidutsamo. Isalumikizidwe pa kanjira kachidule kamene coolant amazungulira injini ikadali yozizira. Mukatero injini sidzafunda konse. Kulumikiza mogawa njira pawiri nakonso kumavuta, chifukwa coolant amasankha njira yosavuta n'kuisiya inayo. Ndipo milomo ya rediyeta ikhale yofanana kukula ndi mapaipi a makinawo. Karediyeta ka njinga yamoto ka milomo yopapatiza kangachepetse kuyenda kwa coolant m'makina onse, mpaka kuziziritsa kumene mwawonjezera kuchepa poyerekeza ndi kumene mwataya.

Thermostat musaichotse. Pali amakaniko amene amaichotsa poganiza kuti coolant aziyenda momasuka, koma pa two-stroke zimenezi zimapha injini. Pisitoni ndi ya aluminiyamu ndipo imafufuma msanga ikatentha. Silinda yozunguliridwa ndi coolant wozizira imafufuma mochedwa. Mukaponda moto injini isanafunde, kapena coolant wozizira kwambiri akakhuthukira mu injini nthawi imodzi, pisitoni imathina mu silinda n'kugwira. Amati cold seizure. Mukaitsegula mumapeza mikwingwirima m'ngodya zinayi za pisitoni. Rediyeta yowonjezera imachulukitsa coolant wozizira amene akudikira kuseri kwa thermostat, ndiye mukaimanga muzipatsa injini nthawi yokwanira yofunda musananyamuke, mpaka kumbuyo kwa tunnel kutayamba kumveka kofunda. Masiku ozizira kwambiri, m'chipale chakuya, ena amaphimba rediyetayo ndi kachikopa kuti isamaziziritse pamene sikufunika.

Mpweya wotsekeredwa

Makina ambiri amene amatentha kwambiri atangoikidwa rediyeta, vuto lake ndi ili. Mpweya umakwera kukakhala pamalo okwera kuposa onse. Kufakitale malo amenewo ndi botolo la coolant. Mukamanga rediyeta pamwamba kuposa botolo, mpweya umasamukira mmenemo n'kutsekereza njira. Yesetsani kuti ikhale m'munsi mwa botolo. Zikakanika, ikhale ndi kabawuti kotulutsira mpweya pamwamba pake, kapena kapaipi kakang'ono kobwerera ku botolo.

Potulutsa mpweya, kwezani kumaso kwa makina mpaka botolo likhale pamwamba pa zonse, heat exchanger ya kumbuyo ili pansi. Thirani coolant pang'onopang'ono, osati mokhuthula. Masulani kabawuti ka pamutu pa injini, ngati kalipo, mpaka patuluke coolant wopanda thovu. Lizani injini chivindikiro chili chotsegula, muzifinya mapaipi ndi dzanja, muziwonjezera akatsika. Thermostat ikatseguka mudzaona coolant akutsika mwadzidzidzi. Tsekani, dikirani kuti rediyeta ndi heat exchanger zonse zifunde, zimitsani, isiyeni izizire kotheratu, muonenso mzere. Kawirikawiri pamafunika kubwereza. Makina ena buku lawo limanena kuti mukweze kumbuyo kapena muwapendeketse mbali imodzi. Tsatirani bukulo, chifukwa opanga amadziwa pamene mpweya umabisala m'makina awo.

Fani ndi magetsi ake

Fani yokoka, yoikidwa kuseri kwa rediyeta, imagwira bwino kuposa yokankha ya kumaso, chifukwa sitchinga mphepo makina akamathamanga. Ikhale yogundana ndi rediyeta, ndi chotchingira m'mbali, kuti mpweya wonse udutse m'timapiko. Pakakhala mpata wa chala chimodzi, fani imakoka mpweya wa m'mbali umene sunadutse mu rediyeta. Mukamaliza kulumikiza, ikani kapepala kumaso kwa rediyeta: kakamatirira, fani ikukoka. Kakauluzika, mwasemphanitsa mawaya. Gulani fani ya mota yotsekedwa yosalowa madzi, monga zimene SPAL imapangira njinga zamoto ndi ma ATV. Za m'kompyuta sizikhalitsa kumeneko.

Magetsi a snowmobile ndi ochepa. Fani yokoka ma ampu 7 pa mavoti 12 ikudya mawati 84, ndipo poyamba kuzungulira imakoka oposa pamenepo. Pa stator, chipangizo chopanga magetsi cha pa injini, pali kale nyali, zotenthetsa zogwirira, chotenthetsa galasi la chisoti, ndipo pa makina amakono pali pampu ya petulo ndi kompyuta ya injini. Choipa n'chakuti fani imafunika kwambiri pamene injini ikulira pang'onopang'ono, nthawi imene stator ikupereka magetsi ochepetsetsa. Werengerani zonse musanagule. Kusintha mababu akale n'kuika a LED kumapatsa mpata. Waya wa fani uchoke ku batire, fyuzi ikhale pafupi ndi batireyo, pakhale relay, kaswitchi koyendera magetsi, imene imalola fani kuyaka injini ikamalira basi. Mukalumikiza molunjika popanda zimenezi, fani idzapitiriza kuzungulira mutazimitsa n'kukumalizirani batire pakati pa nyanja. Makina akale a two-stroke opanda batire amapereka magetsi a AC a nyali okha. Fani ya DC siyenda pamenepo popanda rectifier, yosandutsa AC kukhala DC, ndi kabatire kapena capacitor.

Switchi yoyatsa fani yokha ikatentha iyenera kugwirizana ndi mtundu wa injini, ndipo apa ambiri amagwa. Injini za four-stroke, monga Rotax 900 ACE, zimagwira ntchito pa kutentha kofanana ndi kwa galimoto. Two-stroke zambiri zimakonda coolant wa pakati pa madigiri 40 ndi 55. Mukaika switchi ya galimoto yoyaka pa madigiri 90 pa two-stroke, fani idzayaka kompyuta itadula kale mphamvu. Sankhani yoyaka madigiri angapo pamwamba pa nambala ya thermostat yanu, koma pansi ndithu pa pamene nyali imayakira. Sensa yake ikhale pa paipi yotentha yochoka mu injini. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuwonjezerapo switchi ya pamanja pa chiwongolero, kuti muziyatsa fani musanayambe kukoka katundu pokwera, osati switchi ya pamanja yokha, chifukwa dzanja lozizira ndi mutu wotopa zimaiwala.

Fani imene inkayenda dzulo koma lero yangoti zii, kawirikawiri yagwidwa ndi ayezi usiku ndipo fyuzi yapsa poyesa kuzungulira. M'mawa muziizunguza ndi chala injini isanalire, ndipo muziyenda ndi fyuzi zapadera. Musaike fyuzi yaikulu kuti isamapse. Chidzapsa ndi waya, pafupi ndi thanki ya petulo.

Za makina opanda coolant

Pali snowmobile zina, monga za injini ya 550 za Polaris ndi Rotax 550F ya Ski-Doo, zimene zimazizira ndi mpweya wokha wokankhidwa ndi fani ya pa injini. Injini zimenezi sizisamala ngati pansi pali chipale kapena ayi, n'chifukwa chake alenje ndi asodzi ambiri amazikonda. Zikamatentha, rediyeta ilibe pomangapo. Masulani zitsulo zophimba masilinda. Mbewa zimakonda kumanga zisa mmenemo m'chilimwe, ndipo chisa chimodzi chimakwana kupsereza silinda imodzi. Pa injini zimene fani yake imayendetsedwa ndi kalamba, onani ngati sikanamasuke kapena kusalala. Mabowo a boneti akhale otsegula, makamaka kukafunda kupitirira ziro.

Nyali ikayaka muli kutali

Musaime n'kuisiya ikulira poganiza kuti ipuma. Popanda fani, kuima chilirire kumangowonjezera. Ngati pambali pa njira pali chipale chofewa, patukiranimo n'kuyenda pa liwiro lapakati, geji imatsika pasanathe mphindi zingapo. Ngati palibe, zimitsani, tolani chipale kapena zidutswa za ayezi muunjike pamwamba pa tunnel ndi mopondamo mapazi, chifukwa aluminiyamuyo ndi yemweyo amene coolant akudutsa kunsi kwake. Musaponye chipale pa injini yeniyeniyo. Pakapita mphindi zingapo lizani pang'ono kuti coolant wozizira alowe n'kukankha wotenthayo, zimitsaninso, onjezani chipale. Ikazizira mokwanira kuti mugwire paipi ndi dzanja lopanda gulovu, tsegulani chivindikiro muone mzere. Coolant akachepa ndipo mulibe wina, madzi a chipale chosungunula angakufikitseni kunyumba, koma muwakhuthule tsiku lomwelo makina asanagone panja, chifukwa akaundana usiku amang'amba heat exchanger ndi rediyeta yatsopanoyo.